Phunziro Lachinayi: Chisankho Chimayambira M'mutu

CHOLINGA CHA PHUNZIROLI

Pomaliza phunziro ili, aliyense athe:
(a) kufotokoza njira ziwiri zimene munthu amaganizira;
(b) kuzindikira momwe mau, mantha, gulu, mphekesera ndi mphatso zimakhotetsera maganizo;
(c) kudziwa mafunso oyenera kudzifunsa asanasankhe mtsogoleri kapena kuweruza mnzake.

KWA WOTSOGOLERA

Phunziroli ndi la maola awiri. Anthu akhale mozungulira kuti azionana nkhope. Konzani choko ndi bolodi, kapena makala ndi pepala lalikulu. Kumbutsani onse kuti pamphakati sipochitira kampeni, choncho pasakhale wovala nsalu ya chipani kapena wonyoza chipani cha mnzake. Mukatha pemphero, mmodzi awerenge Danieli mutu 13, nkhani ya Susana.

MAU OYAMBA

Abale ndi alongo, m'maphunziro atatu apitawa tinakambirana za kalembera, za ntchito ya khansala ndi phungu, ndiponso za kaponyedwe ka voti. Zonsezo n'zofunika. Koma pepala lovotera silisankha lokha. Munthu akamalowa m'kachipinda kovotera amakhala atasankha kale, mwina pamaliro, mwina m'minibasi yopita ku Area 25, mwina pamjigo ku Mtandire, mwina pomvera wailesi usiku. Cholembera chimangomaliza ntchito imene mutu unayamba kalekale. Tsono wofuna kuba voti yanu sasowa kuthyola bokosi ayi. Akangokuberani maganizo, voti ija mudzamunyamulira nokha ndi manja anu.

Malamulo aakulu a dziko lino, amene anayamba kugwira ntchito pa 18 Meyi 1994, amateteza ufulu wa chikumbumtima ndi maganizo m'gawo 33, ufulu wokhala ndi maganizo akoako m'gawo 34, ndi ufulu wolankhula m'gawo 35. Lamulo linatitsegulira khomo, koma silingatiganizire. Nchifukwa chake lero tiphunzira za chida chimene aliyense ali nacho, wophunzira ndi wosaphunzira yemwe, ndicho mutu wake.

1. MUTU UMODZI, NJIRA ZIWIRI

Wotsogolera afunse funso ili, anthu ayankhe mwamsanga: Kope ndi pensulo pamodzi mtengo wake ndi K1,100. Kope likuposa pensulo ndi K1,000. Kodi pensulo ndi ndalama zingati?

Ambiri ayankha kuti K100. Ngakhale aphunzitsi anzanga ambiri amayankha choncho. Koma taonani: pensulo ikakhala K100, kope likhala K1,100, ndipo zonse pamodzi zikhala K1,200. Yankho loona ndi K50. Funsoli silovuta. Chavuta n'chakuti yankho lolakwika linafika msanga, linamveka bwino, ndipo sitinalifunse kumene lachokera.

Ubongo wa munthu wamkulu sulemera kufika makilogalamu awiri, koma uli ndi timinyewa ta uthenga pafupifupi mabiliyoni 86, ndipo umadya gawo limodzi mwa magawo asanu a mphamvu zonse za thupi. Popeza kuganiza kumadya mphamvu chotere, ubongo umakonda njira zachidule. Katswiri wina wa za maganizo, Daniel Kahneman, amene analandira mphotho ya Nobel mu 2002 ndipo anamwalira mu 2024, anafotokoza kuti timaganiza m'njira ziwiri. Ife pano tizitche maganizo othamanga ndi maganizo odekha.

Maganizo othamanga ndi aja amakudumphitsa ukaona chinthu chachitali m'udzu usanadziwe ngati ndi njoka kapena chingwe. Ndi aja amakubweza m'mbuyo powoloka msewu wa ku Mchinji galimoto ikatulukira. Ndi mphatso ya Mulungu, ndipo popanda iwo tikadatha kale. Maganizo odekha ndi aja mayi amagwiritsa ntchito powerengera ngati ufa ufika kumapeto a mwezi, kapena nkhoswe pomva mbali zonse ziwiri za mlandu wa banja. Amenewa amachedwa, amatopetsa, ndipo sabwera okha. Amafuna kuitanidwa.

Vuto limabwera pamene nkhani yofunika maganizo odekha taipereka kwa maganizo othamanga. Kusankha phungu wa zaka zisanu sikudumpha njoka. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

2. MAU NDI ZOTENGERA ZA MAGANIZO

Munthu amaganiza ndi mau, ndipo mau amene wazolowera amamutsogolera osadziwa. Taonani chinenero chathu chomwechi. Makolo athu anaika maganizo mumtima: timati kupsa mtima, kutaya mtima, mitima iwiri, kukhazika mtima pansi. Iwo anadziwa kale kuti kuganiza ndi kumva m'thupi siziyenda padera. Munthu wanjala, wamantha kapena wokwiya saganiza ngati munthu amene mtima wake uli pansi.

Taonaninso mau akuti "kumva". Timamva phokoso, timamva kuwawa, timamva nkhani, ndipo mwana wabwino timati ndi wakumva. Mau amodzi omwewo anyamula kumva ndi khutu, kuzindikira, ndi kumvera. Motero mwana amakula akuganiza kuti kumvetsa nkhani ndiko kuvomera, ndipo wofunsa funso ndi wosamva. Ulemu ndi wabwino, koma nzika ya m'dziko la demokalase iyenera kudziwa kuti munthu atha kumva bwinobwino, mwaulemu wonse, osavomera.

Ndikuuzeni cholakwa changa. Nditangoyamba kuphunzitsa, m'kalasi langa la Sitandade 3 munali kamnyamata kokhala kumbuyo, kosayankha mafunso. Mphunzitsi wa chaka chapita anandiuza kuti, "Ameneyo ndi mbuli, musavutike naye." Ndinalandira dzinalo. Kuyambira tsiku limenelo, akalakwa ndinkati, "Mwaona?" Akakhoza ndinkati waonera kwa mnzake. Patapita miyezi isanu, agogo ake anabwera kusukulu ndi kundiuza kuti mwanayo samva bwino khutu limodzi chidwalire ali wakhanda. Nditamukhazika kutsogolo, anayamba kukhoza. Miyezi isanu yonseyo sindinkaona mwana ayi, ndinkaona dzina limene ndinapatsidwa. Umu ndi momwe mutu umachitira: ukalandira dzina, umatola zokhazo zogwirizana nalo, zotsutsa nkumazitaya.

Andale amaidziwa mphamvu imeneyi. M'nthawi ya chipani chimodzi, munthu wa maganizo osiyana ndi boma ankatchedwa chigawenga. Ukangomva dzinalo, sunkafunsanso kuti wanena chiyani, kapena ngati zimene wanena n'zoona. Chipani chimodzi chinatha, koma khalidwe lopatsana maina silinathe, ndipo palibe chipani chimene chingati manja ake ndi oyera pa nkhaniyi. Abale athu achialubino akhala akuitanidwa maina achipongwe kwa zaka zambiri, ndipo kuyambira mu 2014 tinaona ena a iwo akuphedwa ndi kufukulidwa m'manda. Ku Rwanda mu 1994, wailesi ina inkatcha Atutsi kuti mphemvu, ndipo m'masiku pafupifupi 100 anthu okwana ngati 800,000 anaphedwa. Dzanja lisanatole chikwanje, lilime limakhala litayamba kale kumuchotsa munthu umunthu.

Palinso mau ooneka ofatsa. Yerekezani ziganizo ziwiri izi: "Bwana watipatsa mjigo." "Ndalama za misonkho yathu zamanga mjigo." Mjigo ndi umodzi womwewo. Koma chiganizo choyamba chimabala munthu wothokoza ndi woopa kufunsa, pamene chachiwiri chimabala munthu wofunsa kuti mjigowo wadya ndalama zingati, ndipo zotsala zapita kuti. Aliyense wogula mayunitsi a foni amalipira msonkho. Choncho chiganizo chachiwiri ndicho choona.

3. MANTHA AMAKUZA CHIMENE CHILI PAFUPI

Maganizo othamanga amayesa kukula kwa ngozi poona momwe chithunzi chake chikubwerera msanga m'mutu. Chimene taona dzulo, kapena chimene tauzidwa kawirikawiri, chimaoneka chachikulu ndi choona.

Tikumbuke chaka cha 1993. Pa 14 Juni dziko lino linachita riferendamu yosankha pakati pa chipani chimodzi, chizindikiro chake tambala wakuda, ndi zipani zambiri, chizindikiro chake nyali. Ofuna chipani chimodzi ankati matipate ndi nkhondo. Mau amenewa anali ndi mphamvu chifukwa nkhondo tinkaiona ndi maso. Nkhondo ya ku Mozambique inali itangotha mu Okutobala 1992, ndipo m'dziko muno munali anthu othawa kwao pafupifupi miliyoni imodzi, ku Nsanje, ku Mwanza, ku Ntcheu, ku Dedza ndi madera ena. Munthu akamva "nkhondo" ankaona mayi wobereka mwana, mtolo pamutu. Koma maganizo odekha akadafunsa kuti: kodi nkhondo ya ku Mozambique inayamba chifukwa cha zipani zambiri? Ayi, dzikolo linali la chipani chimodzi pamene nkhondo inkayamba. Nanga ku Zambia, kumene anasankha zipani zambiri ndi kusintha boma mu Okutobala 1991, kunabuka nkhondo? Ayi.

Anthu oposa 63 pa 100 alionse anavotera nyali. Kuno kuchigawo chapakati ambiri anavotera tambala. Sitikunena kuti iwo anali opusa ayi. Ambiri anali makolo athu okonda mtendere, ena anali ndi zifukwa zawo zenizeni. Phunziro ndi lakuti wina akakuopsezani, funsani ngati chinthu choopsacho chikugwirizanadi ndi chisankho chimene chili patsogolo panu. Nkhondo ija sinabwere, ndipo a Kamuzu Banda atagonja kwa a Bakili Muluzi pa chisankho cha pa 17 Meyi 1994 anavomereza zotsatira.

4. MPHAMVU YA GULU, NDI MPHAMVU YA MUNTHU MMODZI

Wotsogolera ajambule mzere umodzi kumanzere kwa bolodi, ndi mizere itatu yosiyana kutalika kumanja, umodzi wofanana ndi wakumanzere uja. Afunse anthu kuti wofanana ndi uti. Onse akhoza, pakuti n'zoonekeratu.

Mu 1951 katswiri wina ku America, Solomon Asch, anachita zomwezi ndi ophunzira a kukoleji. Koma iye anapangana mwachinsinsi ndi onse a m'gulu, kupatula mmodzi, kuti azipereka yankho lolakwika mokweza. Munthu mmodzi uja ankayankha chakumapeto, atamva anzake onse. Zotsatira zake zinali zakuti pafupifupi atatu mwa anthu anayi alionse anatsata gulu kamodzi kapena kuposa, kukana chimene maso awo ankaona. Koma Asch anapezanso china. Akaika m'gulumo munthu mmodzi yekha wonena zoona, kutsata gulu kuja kunkatsika kwambiri. Munthu safuna khamu kuti alimbe mtima. Mnzake mmodzi akwanira.

Ife Amalawi tinaziona izi osati m'kalasi koma m'dziko lonse. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu, a David Chiwanga, anafa ku Mwanza. Dziko linauzidwa kuti inali ngozi ya galimoto. Ambiri anakayika mumtima, koma aliyense ankayang'ana mnzake, nkuona kuti ali chete, nayenso nkukhala chete. Panapita zaka zoposa khumi kuti bungwe lofufuza, limene linakhazikitsidwa mu 1994, linene poyera kuti anthuwo anachita kuphedwa.

Tsono pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la nyengo ya Lenti, m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse munawerengedwa kalata ya maepiskopi yotchedwa Living Our Faith. Anaisaina ndi Ambuye James Chiona a ku Blantyre, Ambuye Mathias Chimole a kuno ku Lilongwe ndi anzawo. Kalatayo inanena za malipiro ochepa, za kusiyana kwa olemera ndi osauka, za mavuto a m'sukulu ndi m'zipatala, za anthu otsekeredwa popanda mlandu, ndi za mantha olankhula. Amene tinalipo tikukumbuka kuti munalibe chachilendo m'kalatamo. Zonse tinkazidziwa. Chachilendo chinali kuzimva zikunenedwa mokweza, masana, nkutembenuka kuona kuti mnzako wa pabenchi nayenso akugwedeza mutu. Boma linati kalatayo ndi youkira, nyumba yosindikizira mabuku ku Balaka inatenthedwa, ndipo Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko. Koma chete uja anali atasweka. Pa 6 Epulo a Chakufwa Chihana anamangidwa pabwalo la ndege la Kamuzu atabwera kudzanena poyera za zipani zambiri. Mipingo ina ndi Asilamu anagwirizana nkupanga bungwe la Public Affairs Committee chaka chomwecho. Patangotha miyezi 15 chiwerengedwere kalata ija, tinali pamzere wa riferendamu.

Nchifukwa chakenso voti ndi yachinsinsi. Poyamba boma linkafuna kuti pa riferendamu pakhale mabokosi awiri, lina la tambala, lina la nyali. Ofuna zipani zambiri anakana, pakuti munthu akadaopa kuti adziwika kumene waponya. Pomaliza anagwirizana za bokosi limodzi. Kachipinda kovotera kanapangidwa kuti kwa mphindi imodzi munthu achoke m'maso mwa gulu, atsale ndi chikumbumtima chake.

Bwererani ku nkhani ya Susana. Khamu linakhulupirira akuluakulu awiri aja chifukwa anali oweruza ndi aulemu wawo, ndipo linagamula kuti mayiyo aphedwe popanda kufufuza. Danieli anali mnyamata, ndipo anali yekha. Sanachite chozizwitsa. Anangowapatula awiriwo nkufunsa aliyense payekha funso limodzi, lakuti zimenezi zinachitikira pansi pa mtengo wanji. Mayankho anasiyana, ndipo moyo wa munthu unapulumuka. Amenewo ndiwo maganizo odekha.

5. MPHEKESERA

Akatswiri anapeza kuti nkhani ikamvedwa kawirikawiri imayamba kumveka yoona, ngakhale ikhale yabodza. Mutu umasokoneza "ndinazimvapo" ndi "n'zoona". Munthu amati, "Aliyense akunena," osadziwa kuti anthu khumi amene amuuzawo onse anamva kwa munthu mmodzi.

Mu Sepitembala 2017 kunabuka mphekesera ya anamapopa ku Mulanje, ndipo inafalikira ku Phalombe, ku Thyolo mpaka ku Blantyre. Anthu anatseka misewu usiku, nkumaimitsa galimoto. Anthu osachepera 8 anaphedwa ndi magulu olusa, ena a iwo alendo ongodutsa ndi odwala. Bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma ena, ndipo ntchito zothandiza anthu omwewo zinaima. Madokotala sanapeze munthu ndi mmodzi yemwe wopopedwa magazi. Mphekesera yomweyi inaliponso mu 2002. Taonani kuti imakonda kubwera pamene anthu ali pa mavuto ndipo sakhulupirira owatsogolera. Mtima ukakhala m'mwamba, mutu umafuna woti umuloze chala.

Kale mphekesera inkayenda ndi miyendo. Lero imayenda pa WhatsApp ndi pa Facebook, kuchoka ku Kawale kufika ku Mgona nsima isanapse. Ndipo si za anamapopa zokha. Kuno kwathu munthu akangokuwa kuti "Wakuba!" miyala imayamba kuuluka wina asanafunse kuti waba chiyani, kwa yani. Agogo okalamba akutchedwa afiti nkumenyedwa ndi adzukulu awo omwe. Amene waponya mwala ali m'gulu amadziona ngati alibe mlandu, koma pamaso pa lamulo ndi pamaso pa Mulungu dzanja ndi lake. Safunsa anadya phula.

6. MPHATSO NDI "WATHU"

Pali zinthu zina ziwiri zimene zimagwira maganizo othamanga. Choyamba ndi mphatso. Tinaleredwa kuti wakupatsa umuthokoze, ndipo ndi mwambo wabwino. Koma mwambo womwewu ndi umene wandale amaugwiritsa ntchito akamagawa ndalama, nsalu kapena shuga nthawi ya kampeni. Mutu umakondanso chaching'ono cha lero kuposa chachikulu cha mawa, paja amati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Tiyeni tiwerengere. Zaka zisanu ndi masiku 1,825. Munthu akakupatsani K5,000 kuti mumuvotere, wakugulani pa mtengo wosafika K3 pa tsiku. Ndipo ndalama imeneyo adzaibweza ndithu, kuchokera ku mankhwala a kuchipatala chanu ndi ku mabuku a ana anu. Lamulo la zipani za ndale la 2018 limaletsa kugawa mphatso zokopera mavoti. Tisanamizane: munthu wogona ndi njala nkovuta kuti akane ufa, ndipo sitikumuweruza. Koma adziwe kuti sanalumbire kanthu, ndipo m'kachipinda muja wopereka uja mulibe.

Chachiwiri ndi mau akuti "wathu". Mutu umafulumira kugawa anthu pawiri, athu ndi awo. Wathu akaba timati akumunamizira, wawo akaba timati ndi khalidwe la mtundu wawo. Pa chisankho cha 1994 chigawo chilichonse chinavotera kwambiri munthu wochokera kwawo, ndipo chizolowezi chimenechi chatisautsa zaka zambiri. Komatu tayang'anani mphakati wathu uno. Muno mu Area 47 ndi ku Mtandire muli Achewa, Atumbuka, Ayao, Alomwe, Asena, Angoni, Atonga ndi ena. Madzi akasiya kutuluka pampopi safunsa mtundu. Mtengo wa thumba la chimanga ndi umodzi kwa onse. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: munthu atha kulankhula chinenero chanu bwino lomwe, nkukhala wosakhulupirika pa ndalama.

7. MUNTHU ATHA KUSINTHA MAGANIZO

Wina angafunse kuti, ngati mutu uli wonyengeka chotere, chiyembekezo chili pati? Mbiri yathu yomwe ikuyankha. Pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu a khoti loona za malamulo aakulu anafafaniza chisankho cha pulezidenti cha pa 21 Meyi 2019, atakhala miyezi yambiri akumva mboni ndi kuyang'ana mapepala a zotsatira, ena ofufutidwa ndi Tipp-Ex. Imeneyo inali ntchito ya maganizo odekha. Pa chisankho chobwereza cha pa 23 Juni 2020 anthu anasankha a Lazarus Chakwera m'malo mwa a Peter Mutharika. Pa 16 Sepitembala 2025 anthu a dziko lomweli anasankha a Mutharika m'malo mwa a Chakwera. Sitikunena pano kuti chisankho chabwino chinali chiti. Tikunena kuti Amalawi ambiri anaonetsa kuti atha kuyeza ntchito za munthu nkusintha maganizo. Kusintha maganizo utaona umboni si uchitsiru kapena kusakhulupirika. Ndi chizindikiro chakuti mutu uli moyo.

Mpingo umaphunzitsa kuti munthu ayenera kutsata chikumbumtima chake, komanso kuti ali ndi udindo wochiphunzitsa. Chikumbumtima chili ngati munda. Ukausiya, sukhala wopanda kanthu ayi, umamera zimene mphepo yabweretsa.

ZOYENERA KUCHITA

Musanavote, musanatumize uthenga pafoni, musanaweruze munthu, kaya ndi pa chisankho cha dziko, cha komiti ya sukulu, cha banki m'khonde kapena cha mphakati, dzifunseni mafunso asanu awa, limodzi pa chala chilichonse:

1. Kodi nkhaniyi ndaiona ndekha, kapena ndangomva? Amene wandiuzayo waidziwa bwanji?
2. Kodi ndikaikhulupirira apindule ndani?
3. Kodi mtima wanga uli bwanji pakali pano? Ngati ndili wokwiya kapena wamantha, ndiyambe ndagona, ndidzaganize mawa.
4. Ndikachotsa dzina limene munthuyu wapatsidwa, chotsala n'chiyani? Wachita chiyani kwenikweni?
5. Zomwezi akadachita munthu wa chipani changa kapena wa mtundu wanga, ndikadaweruza chimodzimodzi?

Kuwonjezera apo, sabata ino aliyense achite zinthu ziwiri. Amvere nkhani pa wailesi imene sakonda kumvera, mpaka kumapeto. Ndipo pamsonkhano uliwonse umene akhalepo, wapampando asayambe ndiye kunena maganizo ake, koma ayambe kufunsa achinyamata ndi amayi, kuti asangovomera zimene wamkulu wanena kale.

MAFUNSO OKAMBIRANA M'MAGULU

1. Amene munalipo mu 1992 ndi 1993, fotokozerani achinyamata zimene munkaopa. Ndi ziti zinachitikadi, ndi ziti sizinachitike?
2. Tchulani maina amene anthu a dera lino amapatsana chifukwa cha mtundu, chipani, chilema kapena umphawi. Kodi mainawo amatiletsa kuona chiyani?
3. Kodi munayamba mwakhalapo chete pamsonkhano mukudziwa kuti gulu likulakwa? Chinakutsekani pakamwa n'chiyani? Mukadalankhula pakadachitika chiyani?
4. Mwana akafunsa kuti "chifukwa chiyani?" kunyumba kwanu kapena kutilitonse, amayankhidwa bwanji?
5. Mawa lino munthu atakuwiridwa kuti wakuba pamsika wathu, ife a mphakati uno tingachite chiyani kuti afike kupolisi ali moyo?

Gulu lililonse lisankhe mlembi, ndipo lipereke mfundo imodzi yokha imene lagwirizana kuichita mwezi uno. Mlembi wa mphakati alembe mfundozo m'kope, kuti tidzayambe ndi kuziwerenga pa phunziro lachisanu.

PEMPHERO LOTSEKERA

Mulungu Atate, munatipatsa nzeru kuti tisiyanitse choona ndi chonama. Tikhululukireni pamene tinaweruza anzathu tisanamve mbali yawo, ndi pamene tinakhala chete chifukwa choopa anthu. Khazikani mitima yathu pansi, sungani malilime athu, ndipo mutipatse kulimba mtima kumene munapatsa Danieli, kuti tifunse funso loyenera ngakhale titatsala tokha. Dalitsani dziko lathu la Malawi ndi onse olitsogolera. Tikupempha kudzera mwa Khristu Ambuye athu. Amen.